Tokyo Story ya 1953: amene mwaonera, bwerani tikambirane

aPhiri a Kanema:
Moni nonse. Sabata ziwiri zija zakwana, ndiye amene mwaonera Tokyo Story yandikirani. Amene simunaonere dziwani kuti pano tiulula zonse, ngakhale kunena zoona filimu iyi ilibe chinsinsi choti wina angakuululireni n'kukupsetsani mtima. Nkhani yake mungaifotokoze muli pamzere kuchigayo: nkhalamba ziwiri, bambo Shukichi ndi mayi Tomi, zanyamuka kwawo ku Onomichi, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kukaona ana awo ku Tokyo. Ana atanganidwa. Makolo abwerera. Mayi amwalira. Basi. Ndi ya mphindi 136, yopanda mitundu, ndipo anaikonza ndi Yasujiro Ozu. Ine aka n'kachitatu kuionera, koma sindiyamba ndine kulankhula. Mwaiona bwanji?

Jasi la Joni:
Aphunzitsi mundikhululukire, ine ndinagona. Ndinaiyamba Lachisanu nditaweruka. Ndinafika paja agogo aja akufunafuna kamtsamiro kopopa mpweya, bambo akuti ndinakupatsa iwe, mayi akuti m'chikwama mwanga mulibe, kenako kapezeka m'chikwama cha bambo omwewo. Ndinati chabwino, zikubwera. Ndinadzidzimuka foni ili pachifuwa, anthu avala zakuda. Ndani wafa? Wamupha ndani? Palibe wondiuza. Bando yanga yapita ulele.

Chifundo wa ku Chanco:
Kkkk achimwene, palibe wapha munthu.

Jasi la Joni:
Ndiye vuto lakelo. Kwathu ku vidiyo sho, anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja akanaipatsa moto iyi. Koma pano akanamasulira chiyani? Anthu angokhala pansi akudzipepesa mphepo ndi timafani ta m'manja, wina akuti kwatentha, wina akuti eee kwatenthadi.

NaBanda wa Saluni:
Inu a Jasi pitani mukagonenso. Ine ndili ndi mlandu wina. Ndaona kale m'gulu muno anthu akumunena Shige, mwana wamkazi wamkulu uja wa saluni, kuti ndi mfiti. Ine ndabwera kudzamuimira. Saluni ndili nayo inenso, ndipo ndikudziwa kuti tsiku limodzi ukatseka, kasitomala wako wapita kwa mnzako wa pafupi ndipo sabweranso. Mayi uja amagona pamwamba, ntchito pansi, nyumba yomweyo. Makolo abwera popanda tsiku lobwerera. Mchimwene wake Koichi, dokotala, analonjeza kuwatengera kokayenda Lamlungu, anthu avala kale, kenako kwabwera bambo wina kuti mwana wanga sakupeza bwino, ulendo wafa. Uyo palibe akumunena chifukwa ndi dokotala. Koma Shige akati ndili ndi msonkhano wa anzanga a masaluni usiku uno, ndiye wasanduka satana?

Mai a Tamanda:
Achemwali, ntchito tonse timagwira. Koma kasitomala atamufunsa kuti akuluakulu alowawa ndi ndani, iye anati ndi anthu ena odziwana nawo a kumudzi. Makolo ake omubereka! Apo mutiuza chiyani? Nanga mwamuna wake atagula makeke abwino kuti apongozi adye, iye n'kumati n'zodula izi, tomwe tija touma takwana, kwinaku akudya yekha makekewo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

NaBanda wa Saluni:
Za kasitomala zija zinandibaya, sindikana. Koma tiyeni tisanamizane. Ndi angati muno amene mayi awo anabwera kuchokera kumudzi ndi thumba la ufa ndi nkhuku yomanga miyendo, inu n'kuwalowetsa khomo la kuseri chifukwa pabalaza pali alendo a kuntchito? Musayankhe pano, dziyankheni nokha. Ine ndinachitapo. Amati mlendo ndi mame, koma mame ake akafika sabata yachitatu osakamuka, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ana akugona pabalaza, mumayamba kuwerenga masiku. Mu filimumu mdzukulu Minoru wakwiya chifukwa tebulo lake lowerengera alitulutsa kuti agogo apeze pogona. Ameneyo ndi mwana wanga weniweni, nkhope yokha ndiyo yasiyana.

Chifundo wa ku Chanco:
Ine chimene chandigwira si nkhani koma kajambulidwe. A Jasi akuti palibe chikuchitika, koma taonani pamene kamera yaikidwa. Ili pansi, pamsinkhu wa munthu wokhala pamphasa, ndipo siyenda. Mu filimu yonse ndinaiona ikuyenda kamodzi kokha, paja nkhalamba zija zasowa kolowera zili kupaki ya Ueno mu Tokyo. Ndiye iwe woonera umakhala ngati mlendo amene wapatsidwa mphasa pakona, ukuona eni nyumba akulowa, akutuluka, akupinda zovala. Anthu akachoka m'chipinda, kamera imatsalira kaye pang'ono, kuonetsa chipinda chopanda munthu. Pakati pa zochitika amakuonetsa machumuni a fakitale akufuka, zovala zili pachingwe, sitima ikudutsa. Ndipo polankhula, munthu amayang'ana pafupifupi mwa iwe, ngati funsolo akufunsa iwe.

China n'chakuti zinthu zikuluzikulu Ozu amazidumpha. Mayi adwala m'sitima pobwerera, sitikuona, tikungomva mwana wawo Keizo akuuza mnzake kuntchito ku Osaka. Mayi amwalira, sitikuona mpweya womaliza. Tikuona doko m'bandakucha, msewu wopanda anthu, kenako ana atazungulira mtembo. Filimu ina iliyonse ikanaika nyimbo yolira pamenepo ndi kuyandikitsa kamera pamisozi.

Jasi la Joni:
Ndiye kuti sindinagone ine, ndi iyeyo anadumpha?

Chifundo wa ku Chanco:
Munagona ndithu achimwene, ola lathunthu ndi theka.

aPhiri a Kanema:
Chifundo wanena zoona, ndiwonjezere pang'ono za nthawi yake, chifukwa zimathandiza kumumvetsa Shige. Mu 1953 nkhondo inali itatha zaka 8 zokha zapitazo. Tokyo inali itapsa ndi mabomba mu 1945, ndipo ulamuliro wa asilikali a ku America unali utangotha mu 1952. Malamulo a zabanja anali atasinthidwa nkhondo itatha, udindo wakale wa mwana wamwamuna woyamba monga mutu wa nyumba yonse unachotsedwa m'malamulo. Ndiye anthu awa akumanganso moyo kuchokera paphulusa, aliyense ndi kabizinesi kake. Komanso ulendo uja si wamasewera. Sitima zothamanga za Shinkansen zinayamba mu 1964. Nthawi ya filimuyi, kuchoka ku Tokyo usiku umakafika ku Onomichi mawa lake masana. N'chifukwa chake mayi Tomi pa siteshoni akuuza ana kuti popeza taonana, china chikadzachitika musadzavutike kubwera. Ana akuseka. Ife oonera kachiwiri sitiseka.

Ozu analemba nkhaniyi ndi mnzake Kogo Noda. Chodabwitsa n'chakuti iye mwini sanakwatirepo, analibe mwana, anakhala ndi mayi ake mpaka pamene anamwalira mu 1962, iyenso n'kutsatira mu 1963, pa 12 Disembala, tsiku lomwelo limene anakwanitsa zaka 60. Munthu amene sanasiye mayi ake ndiye anajambula bwino chonchi ana osiya makolo.

Agogo a Mphatso ku Chipata:
Ana inu, ine ndaonera ndi mdzukulu wanga, iye amandiwerengera mawu a m'munsi aja chifukwa maso anatha. Mukukangana za Shige, koma ine maso anga anali pa mtengwa uja, Noriko. Mwamuna wake Shoji anapita kunkhondo osabwerera, ngakhale mtembo sunaoneke. Zaka 8 mwana uja ali yekha m'kachipinda kamodzi, chithunzi cha malemu chili pashelefu. Apongozi atabwera, ndi iye anapempha tchuthi kuntchito n'kuwakweza basi yoonera mzinda. Pofika kunyumba analibe chowapatsa, anakagogoda kwa neba kukabwereka mowa pang'ono ndi timakapu. Zimenezo ndazichitapo ine, kubwereka shuga ndi masamba a tiyi pawindo la kuseri apongozi ali pakhonde.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi ichi. Kumapeto kuja, maliro atatha, ana onse atathawa, bambo aja akumuuza kuti iwala za mwana wanga, ukapeza mwamuna ukwatiwe, n'kumupatsa wotchi ya malemu mayi. Ndinauza mdzukulu wanga kuti imitsa kaye. Kumeneko ndi kusudzula. Kwathu mwamuna akamwalira, pakapita nthawi akuchimuna amakhala pansi n'kumumasula mkazi, kuti mwana iwe ulibe mlandu ndi ife, pita ukayambe moyo wina. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu pamakhala ankhoswe, pamakhala anthu, mwina ndi kandalama. Uku ndi nkhalamba imodzi, mtengwa wake, ndi wotchi yakale. Ine anandisudzula patatha chaka. Noriko anadikira zaka 8, ndipo sindikudziwa ngati anavomera kumasukako.

Mai a Tamanda:
Agogo mwandiliza. Sindinaganize za kusudzula.

aPhiri a Kanema:
Mayi, apa mwatiphunzitsa tonse. Ndipo mayi Tomi anayamba kale kumusudzula usiku uja anagona kwa iye, atasowa malo kwa ana awo enieni. Anamuuza zomwezo ali pamphasa. M'mawa Noriko n'kuwapatsa kandalama m'manja, iye amene ali wosauka kuposa onse.

NaBanda wa Saluni:
Ndikudziwa mundigenda, koma ndinene. Noriko n'ngwabwino, inde. Koma Noriko alibe ana, alibe mwamuna, alibe antchito oti awalipire pakutha pa mwezi. Ubwino umafuna nthawi, ndipo iye nthawi ali nayo chifukwa nkhondo inamulanda zonse zimene zikanamudyera nthawiyo. Komanso apongozi si mayi ako. Shige akukumbuka bambo ake akubwera ataledzera iye ali mwana, mayi akuvutika. Ndiye usiku uja wapolisi wawabweretsa ali chidakwa, ndi mnzawo wosadziwika n'komwe, n'kudzagona pamipando ya saluni, inu mukuona nkhalamba yomvetsa chisoni, iye akuona zakale zabwerera. Noriko zimenezo sanazione. Kukonda kholo la mnzako n'kosavuta, silinakulakwirepo.

Chifundo wa ku Chanco:
Anti, apa filimu yomwe ili mbali yanu. Noriko mwini akukana kuti si wabwino. Akuuza apongozi ake kuti ndine wodzikonda, pamapita masiku osamuganizira mwana wanu. Ndipo Kyoko, chitsirizira uja mphunzitsi, atakwiya kuti azikulu ake ndi ouma mtima, ndi Noriko amene akuwaikira kumbuyo, kuti munthu akafika msinkhu wa Shige amakhala ndi moyo wakewake, ndipo nanenso mwina ndidzatero.

Mai a Tamanda:
Koma kumwetulira kwa Noriko kuja kumandiopsa ine. Akumwetulira ponena zinthu zowawa. Mpaka pamene analira ataphimba nkhope ndi manja m'pamene ndinapuma.

aPhiri a Kanema:
Amene akuchita za Noriko ndi Setsuko Hara. Anasiya kuchita mafilimu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, n'kukakhala kwayekha ku Kamakura osafunanso atolankhani, mpaka anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 95. Ndipo a Jasi, poti mumakonda zodabwitsa: Chishu Ryu, amene akuchita za nkhalamba ija, anabadwa mu 1904. Pojambula filimuyi anali asanakwanitse zaka 50. So Yamamura, "mwana" wake dokotala uja, anabadwa mu 1910. Bambo ndi mwana kusiyana zaka 6.

Jasi la Joni:
Aaa ndiye mdala uja ndi msinkhu wanga? Kuwerama konse kuja n'kwabodza? Chabwino, ndayambiranso kuonera, ndadutsa pa Atami. Apa pokha ndamva. Ana asonkherana ndalama kuti makolo akapume kumalo a akasupe otentha, kumene kwenikweni n'kuwachotsa pakhomo mwaulemu. Kumeneko achinyamata akutchova njuga ya mahjong usiku wonse, oimba ali panja, nkhalamba zikungotembenuka pamphasa, masilipasi awo ali pakhomo awiriawiri. Ndaseka, kenako ndasiya kuseka, chifukwa ndi zomwe ndimachita ine. Ndimatumiza ndalama. Mayi akati ubwera liti, ndimatumiza ndalama. Akati mwendo ukupweteka, ndimatumiza ndalama. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi.

Ndipo paja madala atatu akumwa mowa pandipweteka kwambiri. Mmodzi ana ake awiri anafera kunkhondo. Wina, amene kale anali mkulu wa apolisi, akuti mwana wanga ndimauza anthu kuti ndi bwana wamkulu pomwe ndi kabwana kakang'ono. Shukichi naye akuvomera kuti ndimayesa mwana wanga ndi dokotala wotchuka, ndapeza ndi kadokotala ka m'dera chabe. Ine kumudzi amati mwana wathu ali ku Joni, ali pabwino. Akanaona chipinda chimene ndimagona, tili anayi.

NaBanda wa Saluni:
Mwadzuka tsopano achimwene.

Nangondo ku Leeds:
Ndakhala ndikuwerenga osalemba. Filimuyi ndinaionera pa tsiku langa lopuma ndipo ndinalakwitsa, ndikanadikira tsiku loti mawa lake sindipita kuntchito.

Inu nonse mwadzipeza mwa Shige kapena mwa Noriko. Ine ndine Keizo, uja wa kampani ya sitima ku Osaka. Ndiye amakhala pafupi kuposa onse, koma ndiye anafika mochedwa, chifukwa telegalamu inamupeza atapita kutali ndi ntchito. Akulowa, anthu angokhala chete, mkulu wake akumuuza kuti bwera udzaone nkhope. Pamwambo wa maliro akutuluka panja, akuti kulira kwa kang'oma ka ansembe kakumusowetsa mtendere, kakuchita ngati mayi akunka nachepa pang'onopang'ono.

Ine kuno ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa phala ndi supuni, ndimawadula zikhadabo. Pali gogo wina amene ana ake amabwera pa Khirisimasi pokha, ndipo ine mumtima ndinkawaweruza anawo. Mayi anga atadwala, achemwali anga anandiimbira kuti bwera. Ndinati dikirani mwezi uthe ndilandire, tikiti yakwera. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ine ndili m'bafa ndi gogo wa eni ake, foni ili m'loka. Ndinapeza mamisidikolo 14. Maliro sakanandidikira. Ndinawaonera pa WhatsApp, mwana wa achimwene atanyamula foni m'mwamba, netiweki ikudukaduka. Ndinamva amayi a mvano akuimba, chithunzi n'kuima pa phazi la munthu wina ndi dothi lofiira, mawu okha akupitirira. Ndinafika patatha sabata zitatu, nkhata zitauma kale pamanda.

Chaka chatha tinamanga chiliza chokongola, cha matailosi. Ndalama zambiri ndinapereka ndine. Keizo mu filimu muja akunena yekha kuti kholo sungalitumikire lili m'manda, n'kukwerabe sitima usiku womwewo chifukwa ali ndi ntchito ndi mpira. Nanenso ndinakwera ndege.

Agogo a Mphatso ku Chipata:
Pepa mwanawe. Pepa kwambiri. Mayi ako ankadya ndalama za ntchito yomweyo, ankadziwa kumene uli.

Mai a Tamanda:
Pepani achemwali. Mulungu akutonthozeni.

Jasi la Joni:
Pepani mayi. Ndilibe mawu.

Nangondo ku Leeds:
Zikomo nonse. Sindinalembe kuti mundimvere chisoni, koma kuti a NaBanda asakhale okha pamlandu uja.

Mkulu wa Mpingo:
Pepani mayi Nangondo. Ine ndili ndi dandaulo lina pa filimuyi, ndipo mwina aphunzitsi andithandiza. Ndaonera yonse osagona. Ndi yaulemu, ilibe zolaula, ndingaionetse ngakhale kwa achinyamata a kumpingo. Koma ilibe chiyembekezo. Kwathu pamaliro timalira mokweza, inde, koma timaimbanso usiku wonse pasiwa, abusa amalalikira kuti tidzaonananso. Apa mayi wamwalira, mwamuna wake watuluka panja, mtengwa akumupeza ataima akuyang'ana kunyanja, ndipo chimene akunena n'chakuti kunacha bwino, lero kutenthanso. Mkazi amene wakhala naye moyo wonse! Kenako mtsikana uja akufunsa ngati moyo si wokhumudwitsa, Noriko n'kuvomera akumwetulira. Ndiye phunziro lake n'lotani? Kuti tizingovomera?

Chifundo wa ku Chanco:
Abambo, ine mawu a kutentha aja ndi amene anandiswa mtima kuposa kulira kulikonse. Munthu uja akudziwa kuti tsiku likubwera, lotentha ngati dzulo, ndipo ayenera kulidutsa yekha. Alibe mawu ena.

Agogo a Mphatso ku Chipata:
A Mkulu wa Mpingo, inu mwaikapo maliro ambiri, mukudziwa. Azibambo pamaliro a akazi awo amakamba chiyani kunja kuja pamoto? Amakamba za mvula, za mtengo wa feteleza. Malemu amuna anga, mwana wathu woyamba atamwalira, m'mawa mwake anandifunsa ngati mbuzi zatsekulidwa. Ndinawada chaka chathunthu chifukwa cha mawu amenewo. Ndinadzamva mochedwa kuti kukhola n'kumene ankapita kukalira.

aPhiri a Kanema:
Akulu, funso lanu ndi lolemera ndipo sindinamizira kuti Ozu anali mlaliki wobisika. Sanali. Mwambo wa maliro mu filimumu ndi wa Chibuda, ndipo pamanda a Ozu mwini, pa kachisi wa Engaku-ji ku Kamakura, sanalembepo dzina kutsogolo kwa mwala koma chilembo chimodzi chotchedwa mu, chimene chimatanthauza kupanda kanthu. Munthuyu anapitanso kunkhondo ku China monga msilikali kuyambira 1937 mpaka 1939. Ndiye musayembekeze kuti akuuzani kuti tidzaonana kutsidya.

Koma sindivomera kuti akuti tizingovomera basi. Taonani Kyoko. Wakwiya, ndipo filimu sikumuseka chifukwa chokwiya. Ili kumbali yake monganso ili kumbali ya Noriko. Pomaliza ali m'kalasi, ana akulemba, iye akuyang'ana wotchi, n'kupita pawindo kuti aone sitima imene yanyamula mlamu wake ikudutsa. M'sitimamo Noriko watulutsa wotchi ya malemu, waifumbata. Kunyumba nkhalamba yakhala yokha ndi kafani kake, neba akudutsa pawindo monga anadutsira pachiyambi, ndipo bambo akuti ndikanadziwa ndikanamukomera mtima kwambiri akali moyo. Ameneyu ndi yemwe uja anamunamizira mkazi wake za kamtsamiro, a Jasi asanagone. Ozu sakuweruza ana okha. Bambonso ali ndi ngongole yawo.

Mkulu wa Mpingo:
Ndamva aphunzitsi. Sindinakhutire kwenikweni, koma za kamtsamirozo sindinazilumikize. Buku la Mlaliki nalonso limayamba ndi zachabechabe, ndipo lili m'Baibulo. Ndikaganizirabe.

Chifundo wa ku Chanco:
Funso laling'ono aphunzitsi. Ngati inali yabwino chonchi, bwanji sitimaimva ngati mafilimu a masamurai?

aPhiri a Kanema:
Chifukwa eni ake ankaona ngati ndi ya Chijapani kwambiri moti akunja sangaimve, ndiye sanaitumize msanga. Rashomon ya Akira Kurosawa inali itapambana kale pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 1951, koma iyi inayenda mochedwa. Inalandira mphotho ku London mu 1958, ndipo ku New York inakaonetsedwa bwinobwino mu 1972, mwini wake atamwalira kale. Koma mu 2012, magazini ya Sight and Sound itafunsa akatswiri okonza mafilimu kuti filimu yoposa zonse ndi iti, iyi ndiyo inakhala pa nambala 1. Ya Chijapani kwambiri, koma taonani muno: mayi a ku Chipata apezamo kusudzula.

Mai a Tamanda:
Komabe ine a NaBanda sindinawamasule. Zonse ndavomera, za kutanganidwa, za bambo oledzera. Koma ziwiri izi. Telegalamu yafika kuti mayi ali kayakaya, Shige akufunsa mchimwene wake kuti kodi titenge zovala za maliro? Munthu akali moyo! Ndipo maliro atangotha, ali pachakudya, mpunga uli m'kamwa, akuti lamba uja wa mayi ndi kimono ija, chovala chawo cha Chijapani, ndikufuna ine. Kwathu katundu wa malemu amadikira, amagawa akuluakulu pa nthawi yake. Uyu sanadikire ngakhale mbale zitsukidwe. Anafika ponena kuti zikanakhala bwino akanatsogola bambo.

NaBanda wa Saluni:
Mai a Tamanda, pa maliro alionse pamafunika munthu mmodzi woganiza zinthu zonyansazo. Mayi anga ali m'chipatala, adokotala atangotiitanira pambali, ine ndinatuluka n'kukaimbira wa mabokosi kufunsa mitengo, n'kuimbira wa lole, n'kutumiza mwana kuchigayo ndi matumba awiri. Mng'ono wanga anandipeza ndikulemba mndandanda wa nkhuni ndi kabichi, anandiuza kuti ndine mfiti, ndikuwafulumizitsa mayi. Mawa lake anthu 300 anadya nsima pamaliro paja. Palibe anafunsa kuti ufa unachokera kuti. Iye analira bwino, anthu anamuyamikira kuti mwana uyu amawakonda mayi ake. Shige nayenso analira, onaninso, analira kawiri konse, kungoti akamaliza amapukuta maso n'kufunsa za sitima.

Za bambo kutsogola, n'zowawa koma ndi masamu: mayi wamasiye ungamutenge akakuthandize pakhomo, bambo wamasiye atsala ndi ndani Kyoko akadzakwatiwa? Timaziganiza tonse, iye anangozitulutsa pakamwa.

Za lamba ndiye ndisanene zambiri. Mayi anga anali ndi chitenje china chobiriwira, chakale, chimene ankafunda popita kumunda m'mawa kukazizira. Sindinadikire akuluakulu. Usiku wa tsiku loika, anthu ali pamoto, ndinalowa kuchipinda n'kuchiika m'chikwama mwanga. Pogawa katundu chinafunidwa, ndinakhala chete. Mng'ono wanga anadziwa. Chaka chino n'chachinayi, timangopatsana moni pamaliro a anthu ena.

Nangondo ku Leeds:
Mumachivala?

NaBanda wa Saluni:
Ayi. Chili m'sutikesi pamwamba pa wadiropu, m'jumbo. Sindinachichape.

Agogo a Mphatso ku Chipata:
Chitenje chimang'ambika pakati, mwanawe. Mipande iwiri imatuluka.

NaBanda wa Saluni:
Agogo, kasitomala walowa, mutu uli theka. Ndibwera.

Jasi la Joni:
Ine ndabwerera paja akhala pakhoma la m'mbali mwa nyanja ku Atami, avala zofanana, mayi akulephera kudzuka, akuti ndachita chizungulire, bambo akuti n'chifukwa sunagone bwino. Musandiuze kanthu. Ndikudziwa kale, koma musandiuze.